Bambo akunyumba ayamba kutchena: yankho kwa mayi wa ku Luchenza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Luchenza. Anapempha kuti dzina lawo ndisalitchule, ndiye sindilitchula. Kalatayo inali yaitali, koma nkhani yake ndi iyi. Amuna awo, bambo a zaka za m'ma 40, ndi kapitawo pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Chikwatiranireni, pa kanema ankangoonera mpira ndi nkhani basi. Miyezi yapitayi ayamba kugula bandulo ya usiku n'kumaonera pa foni mapulogalamu achizungu aja otenga mwamuna wodzitayirira, kumumeta, kumuveka, kumukonzera m'nyumba, kenako n'kukamuonetsa kwa abale ake ataoneka ngati wina. Tsiku lina mayiwa anawapezerera akupukuta misozi, iwo n'kunamizira utsi wa mbaula. Pano agula malaya awiri pa kaunjika, ayamba kudzola mafuta, ndevu akumeta Loweruka lililonse. Kalatayo inathera pa mafunso awiri: "Kodi munthu wamkulu ndi ndevu zake amapezamo chiyani mu zimenezi? Kapena kuli wina amene akumutchenera?"

Mayi, funso lachiwirilo ndilibe nalo mphamvu. Ine si woombeza, ndipo amuna anu sindikuwadziwa. Chimene ndaona pa amuna anzanga n'chakuti wopeza chibwenzi foni amagona nayo m'thumba, ikalira amakayankhira kuseri kwa bafa. Sakhala pabalaza kuonera kanema mpaka kugwidwa akulira. Loyambalo ndiye ndiyankha ndi mtima wonse, chifukwa nthendayi nanenso inandigwira kalekale.

Mapulogalamu amenewa si a dzana. Ku America anabuka mwamphamvu mu 2003 ndi 2004, nthawi imene ife kuno tinali pa mkangano wa Big Brother Africa. Achikulire mukukumbukira chaka cha 2003, chimene Zein Dudha anatiimirira m'nyumba muja, aphungu athu ataletsa TVM kuonetsa pulogalamuyo ati ikuononga chikhalidwe, khoti n'kudzachotsa chiletsocho. Chaka chomwecho wailesi ya kanema ya Bravo inayambitsa Queer Eye for the Straight Guy. Amuna asanu ankafika pakhomo pa mwamuna mmodzi, aliyense ndi luso lake: wina zovala, wina tsitsi ndi khungu, wina zophika, wina kukonza m'nyumba, wina kakhalidwe ndi anthu. Inatha mu 2007, koma Netflix inadzaidzutsa mu 2018 ndi anthu ena asanu, pa dzina lalifupi loti Queer Eye. MTV nayo inali ndi Pimp My Ride kuyambira 2004 mpaka 2007, imene woimba Xzibit ankatenga chiphakasa cha galimoto n'kuchibweza chikuwala ngati cha nduna. ABC inali ndi Extreme Makeover: Home Edition, yogumula nyumba n'kumanga ina pa masiku asanu ndi awiri, eni ake atawatumiza kokapuma. Panalinso The Biggest Loser ya NBC, yoyamba mu 2004, ya mpikisano wochepetsa thupi. Zidutswa za zonsezi ndi zina zongotengera pamenepo zadzaza pa YouTube, Facebook ndi TikTok, ndipo ndikukhulupirira kuti n'zimene bambo akunyumba akuthera nazo bandulo.

Ndineneretu, popeza wina adzakunong'onezani ndithu: asanu a mu 2003 aja anali amuna okondana ndi amuna anzawo, ndipo dzina la pulogalamuyo likunena zomwezo. Kwathu kuno nkhani imeneyo imautsa mapiri pachigwa, ndikudziwa. Koma amene amakonzedwa ambiri ndi abambo wamba, a mabanja awo, alimi, apolisi, oyendetsa malole. Mwamuna woonera amadziona mwa wokonzedwayo. Musayambe kuwaganizira amuna anu zimene palibe.

Ine ndinayamba kuziona bwino zimenezi pa Chitakale, m'kashopu kometera tsitsi kamene ndimapitako. N'kachipinda kamodzi, galasi long'aluka pakona, benchi ya anthu anayi, batire ya galimoto pansi pa tebulo yodikira magetsi akazima, ndi kanema kakang'ono pakhoma. Mnyamata wometayo amaika za pa fulashi. Likakhala tsiku la mpira, phokoso lake simungamve ngakhale kulira kwa makina ometera. Tsiku lina kunja kukuwaza chiperoni, phiri lonse litabisala mu nkhungu, anaika pulogalamu ya mtundu umenewu. Pa benchi panali wakabaza, wogulitsa nanazi, ndi aphunzitsi ena opuma pa ntchito. Chingerezi cha Amereka chothamanga chija amene ankachimva bwino ndi aphunzitsiwo okha, koma panalibe amene anasochera. Poyamba kunali kuseka. Akuonetsa chipinda cha bamboyo, mbale za dzana pansi pa bedi, malaya a zibowo, wakabaza n'kuti, "Awa ndi achimwene anga enieni awa, angosiyana khungu." Tonse kuseka. Koma itafika nthawi yoti bamboyo adzione pagalasi atametedwa, m'shopu monse munangoti zii. Wometa anaimitsa makina ali pakati pa mutu wanga. Bambo wa pa kanema uja anadziyang'ana nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera. Wogulitsa nanazi anatsokomola chifuwa chimene analibe. Kenako wakabaza anati, "Aise, ine undimete ngati ameneyo," ngakhale tsitsi lake ndi la mzunguyo n'zosayerekezeka n'komwe.

Chimene chinatitseka pakamwa tsiku limenelo si malaya atsopano. Taganizani, mayi, mafunso amene amuna anu amalandira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kuntchito: makilo a tiyi akwana? Anthu ako athyola bwanji masamba okhwima? Kunyumba: fizi ya mwana, feteleza, ufa watha, denga likudontha. Kumudzi kwawo: maliro, achemwali adwala, mwana wa mlongo wakhoza mayeso. Onsewo ndi mafunso oyenera, koma onse akuloza m'thumba. Papita zaka zingati chimufunsireni munthu wina mwachifundo, osati monyoza, kuti, "Nanga kolala ya malaya yathayi bwanji? Unasiya liti kudzisamala? Chinachitika n'chiyani?" Ife amuna tikaona mnzathu wayamba kutayirira timamuseka pa bawo, kapena timamugulira botolo. Zonse ziwiri n'zothawa nkhani. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo tinamvera mpaka tinaiwala ndi kafunsidwe komwe.

Nzeru ya mapulogalamuwa ili pa khomo limene amalowera. Sayamba ndi kumukhazika munthu pansi kuti fotokoza za mumtima mwako. Mwamuna wa kwathu kuno, ngakhale wa ku America, angangodzuka n'kumapita. Amayamba ndi nsapato. Nsapato mwamuna angaikambe popanda manyazi. Kuchoka pa nsapato afika pa kabati, m'kabati apezamo diresi la mkazi amene anamwalira zaka zisanu zapitazo, ndipo nkhani yeniyeni yatuluka yokha munthu asanazindikire. Gawo loyamba la Queer Eye ya 2018 linali la bambo wa zaka 57 wa ku Georgia, woyendetsa lole, amene mabanja anamuthera kangapo, wa ndevu zosapesa, yemwe ankanena yekha kuti kunyansa kwa nkhope kulibe mankhwala. Anamumeta, anamutayira mpando wake wakuda ndi litsiro, anamuphunzitsa kusamala khungu, ndipo potsiriza chimene chinaonekera n'chakuti ankamukondabe mkazi amene anasiyana naye. Mwamuna woonera zimenezi ali pa mpando wake ku Luchenza amalandira nawo chisamaliro chija mobisa. Palibe amene wamuona akupempha thandizo. Misozi ikatuluka, mbaula ilipo yoinamizira.

Ndipo onani kuti asanu aja sabwera kudzapikisana naye. Paja amati mwamuna mnzako n'pachulu, ndiye ife tikakumana timayamba ndi kuyezana: foni ya ndani, njinga ya ndani, amene walemera ndani. Malangizo ochokera kwa mwamuna mnzako amamveka ngati akukukwera. Pa kanema paja wothandizayo safuna malo ako, safuna mkazi wako, sadzakunena pa bawo mawa.

Inu amayi mumalangizidwa moyo wanu wonse, mwina mpaka kutopa nazo. Pa chinamwali, pa bridal shower, pa mimba yoyamba, ku sikelo, ku Mvano kapena ku Dorika, pambuyo pake kitchen top-up. Nthawi zonse pali amayi anzanu okuuzani za thupi, za zovala, za m'nyumba, ena mokoma ena mokalipa. Mwamuna amalangizidwa kamodzi, ku thezo, ali ndi zaka khumi kapena khumi ndi ziwiri. Kenako mphindi zochepa tsiku la ukwati, ankhoswe akuyang'ana wotchi chifukwa perekaniperekani akuchedwa. Zatha. Zaka makumi anayi zotsatirazo adziwe yekha.

Ndatchula thezo dala. Za kusimba saulula, ndipo sindiulula, koma tsiku lotuluka aliyense amaliona. Miyezi yozizira ija, sukulu zitatsekera, anyamata atha masabata ali kutchire. Atuluka atametedwa, atasamba, atavala zatsopano kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope atazolika, ena atawaphimba ndi chitenje. Amayi nthungululu, abale kufupa ndalama kuti aone nkhope ya mwana wawo, mudzi wonse kuvomereza kuti amene anapita uja si amene wabwerayu. Tsopano kaonereni Extreme Makeover: banja laima pamsewu, basi yaikulu yatchinga nyumba, khamu likukuwa kuti basi ichoke, basi n'kusuntha, anthu n'kugwa pansi ndi kulira. Ine ndikaona zimenezo ndimaona chitenje chija akuchivundukula. Azungu anangowonjezerapo makamera ndi otsatsa malonda. Kwa amuna ambiri a kuno, tsiku lotuluka ku thezo ndi tsiku lomaliza limene mudzi unasonkhana kudzawayang'ana iwo, n'kusangalala ndi mmene akuonekera. Paukwati maso onse amakhala pa mkwatibwi. Tsiku lina lodzasambitsidwa ndi kuvekedwa suti anthu atasonkhana ndi lija mwini wake sadzaliona.

Palinso china chimene ndikuganiza kuti n'chathuchathu cha kuno ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Ambiri mwa ife, Alhomwe ndi Amang'anja, timakwatira chikamwini. Mwamuna aumba njerwa, aotcha, agula malata, amanga nyumba pa malo a kwa mkazi. Ndi nyumba yake, inde, koma mumtima amadziwa kuti zikavuta adzanyamula kachikwama n'kubwerera kwawo, ndipo akuchikazi nawo amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ogwira ntchito m'maesiteti ambiri amakhala m'nyumba za kampani, zimene ntchito ikatha amapereka makiyi. Ndiye chake chenicheni cha mwamuna n'chiyani? Njinga, wailesi, foni, ndi thupi lake. Imani pa Limbuli tsiku la msika muone njinga za kabaza: khushoni ya mphonje, magalasi awiri, mabelu atatu, timagetsi, mawu olembedwa pa madigadi. Anyamata amenewo sanaphunzire kwa Xzibit. Mtima wake ndi womwewo, woti kanthu kamodzi kamene ndi kangakanga kaoneke bwino. Bambo akunyumba akamameta ndevu Loweruka lililonse, mwina akukonza munda wokhawo umene palibe angawalande.

Koma musandimve ngati mlaliki wa mapulogalamuwa. Muli bodza lambiri, ndipo bodzalo lingapweteke munthu wa malipiro a ukapitawo. Choyamba, ndi malonda. Malaya, mipando, mafuta odzola, mapoto, zambiri zimaperekedwa ndi makampani kuti dzina lawo lioneke, ndipo uthenga wobisika ndi woti munthu watsopano amagulidwa m'sitolo. Chachiwiri, kamera imachoka. Mu 2015 ena mwa amene anakonzeredwa magalimoto pa Pimp My Ride anaulula kuti galimoto zinkakhala ku galaja miyezi yambiri pamene pa kanema zinkaoneka ngati masiku ochepa, kuti zokongoletsa zina ankazichotsa akangomaliza kujambula, ndipo injini nthawi zina inkatsala ndi matenda ake omwe aja. Kupenta chiphakasa n'kuikamo kanema, chikhalirecho sichikulira. Mabanja ena amene anamangiridwa zinyumba zikuluzikulu analephera kulipira misonkho ndi mabilu a nyumbazo, ena mpaka kuzigulitsa kapena kulandidwa chifukwa cha ngongole. Za The Biggest Loser ndiye zomvetsa chisoni. Ofufuza a boma la America, motsogozedwa ndi Kevin Hall, anatsatira anthu 14 a mu mpikisanowo kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2016: anthu 13 thupi linabwerera, anayi mwa iwo kuposa mmene analili poyamba. Kuonda mothamanga kuja kunachititsa kuti matupi awo azigwiritsa ntchito chakudya pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Nayenso bambo woyendetsa lole uja anakwatiranadi ndi mkazi wake wakale mu 2018, dziko lonse kuwomba m'manja, koma mu 2019 banja linathanso.

Ine ndinayesapo zimenezi ndi manja anga, ndiye ndikudziwa polekezera pake. Malume anga anakhala pa chikamwini zaka zoposa makumi atatu. Azakhali atamwalira, mwambo wonse utatha, anawasudzula mwaulemu, n'kubwerera kwathu kufupi ndi Muloza ndi njinga, wailesi ndi jekete limodzi. Anawapatsa kanyumba kamene kanali kosungiramo nandolo. Munthu amene ankapolisha nsapato Loweruka madzulo kukonzekera tchalitchi anasiya ndevu mpaka zinafika pachifuwa. Kachasu anakhala ndiye mnzawo. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, khoma limodzi la kanyumbako linagwa, iwo anangotchingapo thumba la feteleza n'kumagona momwemo. Ife adzukulu awo, mitu itadzaza ndi za pa kanema, tinapangana. Tinasonkha ndalama, tinagula malata anayi, laimu, mphasa yatsopano, bulangete, ndi jekete labwino la pa kaunjika pa Limbuli. Wometa wa pa Chitakale uja tinamukweza minibasi ndi makina ake ndi batire yake.

Malume atationa tikutsitsa katundu, wina atanyamula beseni ndi sopo, wina jekete pa hang'ala, anatiyang'ana mmodzimmodzi n'kufunsa kuti, "Bokosi lili kuti? Poti zina zonse mwabweretsa." Manyazi anatigwira. Pa kanema wokonzedwa amalumpha ndi chimwemwe. Kwathu kuno gulu la abale likabwera kudzakusambitsa ndi kukuveka, tanthauzo lake ndi limodzi. Zimenezo sitinaziganize n'komwe. Tinangoyamba kukonza khoma mwakachetechete, iwo atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala atatifulatira.

Amene anatha nkhaniyo ndi wometa. Sanalankhule zambiri. Anaika mpando pamthunzi, anakung'untha nsalu yake, n'kunena kuti, "Madala, ndalama ya minibasi ndalipira kale, musandibweze chimanjamanja." Malume anadzuka monyinyirika n'kukhala. Mwina simunaonepo, mayi, mmene mwamuna amakhalira pa mpando wometera. Wometa amagwira chibwano ndi zala ziwiri, amapendeketsa mutu, amapinda khutu kuti makina adutse, ndipo munthu wamkulu woopedwa pamudzi amangomvera ngati mwana, maso atatsinzina. Amuna ambiri malo okhawo amene dzanja la munthu limawagwira mofatsa popanda kufuna kanthu ndi amenewo. Ndevu zinagwa, tsitsi la imvi linagwa pa nsalu. Atafika pa nkhongo ndi lezala, malume analankhula maso ali chitsinzinire: "Apa ankandimeta ndi mayi ako aja. Lezala ankalithyola pakati, theka n'kusunga m'chitini cha machesi." Zaka ziwiri zinali zitadutsa asanawatchulepo azakhali. Wometa sanayankhe, anangopaka sipiliti, malume n'kuti "sss" ngati mmene timachitira tonse.

Sindikunamizani kuti anasintha. Jekete lija patatha masabata atatu tinaliona litavalidwa ndi munthu wina pamsika, ndipo tikudziwa kumene ndalama yake inapita. Kachasu sanasiye, angochepetsa. Laimu anasuluka ndi mvula yotsatira. Chimene chinatsala ndi chimodzi: mwezi ukatha amakwera njinga kupita kokameta, osati kwa wometa wapafupi, koma kwa yemwe uja wa pa Chitakale, mtunda wonsewo. Mnyamatayo amandiuza kuti amafika, amapereka ndalama asanakhale, ndipo nthawi zambiri amagona tulo pa mpando makina ali m'mutu. Amawasiya agone ngati palibe mzere.

Ndiye mayi, nazi zanga. Nkhani ya misozi ija musakaifotokoze pa mjigo kapena ku banki mkhonde, ngakhale moseka. Ikangowafika m'makutu kuti mudzi ukudziwa, foni adzayamba kuonera kuseri, ndipo mudzakhala mwadzipangira nokha chinsinsi chimene mukuchiopacho. Ndalama yang'anirani, chifukwa apo pokha ndi pamene pali ngozi yooneka: malaya awiri a pa kaunjika ndi botolo la mafuta si mlandu, koma mukamva za katapila chifukwa cha suti kapena sofa, itanani ankhoswe msanga. Loweruka akabwera kometa, muwauze kuti aoneka bwino, kamodzi kokha, mopanda nthabwala ndiponso mopanda kufunsa kuti akutchenera ndani. N'kutheka kuti amene akumutchenerayo ndinu, ndipo akhala akudikira miyezi yonseyi kuti muone.

Usiku wina ana akagona, kokani mpando mukhale pafupi, munene kuti nanunso mukufuna muone. Musafunse kanthu. Ingoyang'anirani pamene iwo akhalire chete, kaya ndi pa nyumba, kaya ndi pa galasi, kaya ndi pamene mwana wa bamboyo akukumbatira atate ake. Mukadzandilemberanso mudzandiuze kuti panali pati.